Ntchito Yopepuka ya Alamu

Mutu 6

1. Khola la a Tcheya

Bambo ake a Mzime ankanyadira zinthu ziwiri pa dziko lino: ng'ombe zawo zamkaka ndi mpando wawo. Iwo anali wapampando wa gulu la alimi a mkaka m'dera lonselo, ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezi. Ng'ombe zikanakhala kuti zimalankhula, nazonso bwenzi zikuwatchula kuti a Tcheya.

Mzime anali mtsikana wa kusekondale, mwana womaliza pakhomopo. Dzina lake lenileni linangotsala m'makope a kusukulu. Mayi ake anamwalira iye akadali wamng'ono. Achimwene ake ankayendetsa lole ya katundu, ndipo kunyumba ankangofika ngati mlendo. Choncho amene ankamuluka tsitsi, kumufunsa za mayeso ndi kumuseka akapsereza chakudya anali alamu ake, akazi a achimwene akewo.

Alamu anali oyembekezera. Mimba yawo yoyamba inapita padera chaka chinacho, ndipo panalibe amene ankafuna kuonanso misozi ngati ija. Bambo anakhazikitsa lamulo.

"Mpongozi wangayu asanyamulenso chigubu cha mkaka," anatero. "Asakame, asakankhe wilibala. Ngati manja akumuyabwa, azingosesa m'kachipinda koberekera ng'ombe. Muja ndi mouma, mulibe matope oterera, ndipo tsache silemera."

Anali mawu achikondi, ndipo aliyense anawayamikira. M'mawa uliwonse Alamu ankamanga mpango kumutu, n'kulowa m'kachipindako ndi tsache lawo. Ankasesa utuchi wakale akuimba, fumbi lili koboo mpaka kudenga.

Kutsidya kwa msewu kunkakhala a Chipewa, mlimi wina amene sankavula chipewa chake ngakhale pa mvula. Miyezi ingapo m'mbuyomo ng'ombe zawo zitatu zinapoloza motsatizana. Iwo anaitana okha adokotala a ziweto, ndipo magazi a ng'ombezo anaonetsa matenda otchedwa Kyu fiva. Pa msonkhano wa gulu, Bambo anaimirira n'kukhosomola kaye monga ankachitira akafuna kuti anthu amve kulemera kwa mawu awo.

"Amenewa ndi matenda a uve," anatero. "Amalowa m'khola la munthu waulesi. Mkaka wa a Chipewa usabwerenso pa thanki yathu."

Kuyambira tsiku limenelo a Chipewa anasanduka munthu wopatsidwa moni patali. Kusukulu ana ankawaseka ana awo kuti ndi a kwa Kyu. Mzime nayenso ankaseka nawo, ndipo ankaseka mokweza, poti iye anali mwana wa khola loyera.

2. Dona

Loweruka lina m'mawa, Alamu atapita ku sikelo, Mzime analowa m'kachipinda koberekera kuti akaone Dona. Dona inali ng'ombe ya pamtima pa Bambo, yakuda ndi yoyera, yoyenda monyada ngati ikudziwa kuti imatulutsa mkaka wambiri kuposa zonse. Inali isanafike nthawi yake yobereka.

Mzime anaima pakhomo. Pansi panali kathole kopanda ubweya wokwanira, kakufa kale. Pambali pake panali nsengwa, thumba lotuluka pambuyo pa mwana, ndipo utuchi wonse unali utanyowa ndi madzi ndi magazi.

Bambo atafika anatseka chitseko.

"Tenga fosholo," anatero motsitsa mawu.

Anakokera kathole ndi nsengwa ija kuseri, pa mulu wa manyowa, n'kufotserapo ndi udzu. Mzime anabwera ndi ndowa ya madzi kuti atsuke pansi, koma Bambo anamuletsa.

"Ukathira madzi anthu afunsa kuti mwanyowa bwanji muno. Thira utuchi wouma pamwamba pake. Ziuma zokha."

Atamaliza anamuyang'ana m'maso.

"Waona chiyani muno, Mzime?"

"Dona yapoloza, Bambo."

"Dona inaterereka dzulo pa simenti. Ng'ombe ikagwa imataya bere, zimenezo si matenda. Koma anthu a kuno ali ndi pakamwa. Ndikufunsanso, waona chiyani?"

"Palibe, Bambo."

"Ndiye mwana wanga ameneyo."

Alamu anabwera masana akusangalala kuti anamwino anena kuti mwana akukula bwino. Bambo anawauza kuti Dona yasamutsidwira kukhola lalikulu chifukwa nthawi yake anaiwerengera molakwika. M'masiku otsatira utuchi uja unauma gwaa. Alamu anatenga tsache lawo, nayamba kusesa monga mwa masiku onse.

3. Funso la adokotala

Sabata yotsatira kunabwera uthenga wakuti adokotala a ziweto ayenda m'makola onse a gululo kutenga magazi a ng'ombe. Ankafuna kudziwa kuti Kyu fiva wafala bwanji. Tsikulo litafika, Bambo anapatsa Mzime chingwe.

"Tenga Dona ukaimangirire kuseri kwa shedi ya udzu. Ikalira, uiponyere gaga."

Mzime anaikoka Dona, naimangirira pa mtengo, naithirira gaga wambiri woti ingakhale chete mpaka madzulo. Atatero anabwerera kukathandiza kugwira ng'ombe zina.

Adokotala anali mayi wachikulire, wa imvi ndi nsapato za jombo zong'ambika. Ankabaya ng'ombe kumchira mwachangu, kwinaku akulankhula osapuma, ngati munthu amene watopa ndi kunena zinthu zomwezomwezo kwa anthu osamva.

"A Tcheya, ndimvereni bwino, ndipo iwe mtsikana utchere khutu chifukwa ana ndinu amene mumakumbukira. Kachirombo aka sikaoneka pa nkhope ya ng'ombe. Ng'ombe imadya bwino, imanenepa, mkaka uli mbwee, koma kali m'kati. Kamatuluka kwambiri ng'ombe ikamabereka kapena ikapoloza. Kamakhala m'nsengwa ndi m'madzi aja. Zikauma, kachiromboko sikafa ayi. Kamasanduka fumbi, kamakhala miyezi, mphepo n'kumakanyamula. Munthu satenga chifukwa chodya nyama yophika bwino. Amatenga popuma fumbi lija, mwinanso pakumwa mkaka wosawiritsa.

"Ndiye ng'ombe ikapoloza, valani magolovesi, mangani kansalu pamphuno, nsengwa mukwirire m'dzenje lakuya. Pansi thirani madzi ndi mankhwala musanakolope. Osasesa pouma, ndanena osasesa pouma! Anthu ambiri akatenga samva kanthu, ena amangodwala ngati malungo n'kuchira. Koma mayi woyembekezera ndi nkhani ina. Ameneyo angathe kutaya mwana, kapena kubereka masiku asanakwane. Asayandikire n'komwe koberekera ng'ombe. Ndipo ngati wayandikira kale, apite kuchipatala akanene zoona, chifukwa mankhwala alipo, koma amafuna kufulumira."

Ng'ombe imene Mzime anaigwira inamuponda phazi, koma iye sanamve n'komwe.

"Pali woyembekezera pakhomo pano?" anafunsa adokotala.

"Alipo mpongozi wanga," anayankha Bambo akumwetulira, "koma sagwira ng'ombe. Timamusunga ngati dzira."

Adokotala anapukuta manja, natembenukira kwa Mzime.

"Mwana wanga, akuluakuluwa amaiwala. Iwe tandiuza. Pali ng'ombe imene yapoloza muno posachedwapa?"

Bambo anangoyang'ana Mzime, akadali ndi kumwetulira kuja pakamwa. Kuseri kwa shedi Dona inali chete, ikudya gaga wake.

"Ayi, adokotala," anatero Mzime. "Palibe."

4. Tsache

Madzulo a tsikulo Mzime anapeza Bambo akutsuka zigubu.

"Bambo, mwamva zimene anena adokotala zija. Alamu aja amasesa m'kachipinda muja."

"Ndakuuza kuti Dona inaterereka."

"Nanga ngati sinaterereke?"

Bambo anaponya burashi m'madzi.

"Tamvera iwe. Khola ili ndinaliyamba ndi ng'ombe imodzi, mayi ako akadali moyo. Sindinabwerekepo nkhunzi ya munthu, sindinagulepo ng'ombe pa msika. Matenda angalowere pati? Ukufuna ndikaime pamaso pa anthu onse aja, pamaso pa Chipewa, nditazolika ngati wakuba? Ukufuna kusukulu azikuseka iwe kuti ndiwe wa kwa Kyu? Mlamu wako ukamuuza, mawa auza mnzake pa mjigo, mkuja dera lonse ladziwa. Mwana wabwino amasunga za m'nyumba. Ndamaliza."

Koma mtima wa Mzime sunamulole kungokhala, choncho anachita zimene amachita anthu amantha: anayesa kukonza zinthu osatsegula pakamwa.

M'mawa mwake analanda Alamu tsache.

"Alamu, lero ndisesa ndine."

"Iwe? Wayamba liti kukonda tsache?" anaseka Alamu. "Pakati pa kama wako ndi khoma pali fumbi loti munthu angadzalepo mbewu. Pita kusukulu uko."

Tsiku lotsatira Mzime anabisa tsachelo pamwamba pa matumba a gaga. Pobwera kusukulu anapeza Alamu atagula lina kwa mnyamata woyenda ndi matsache pa njinga.

"Ndalipeza pamene unalibisa," anatero Alamu akumukoka khutu mwachibwana. "Tsopano ndili ndi awiri. Mlamu wanga, ntchito imodzi yokhayi imene andisiyira, nayonso ukufuna undilande? Ndizingokhala ngati mphika wa maluwa? Kapena pali chimene sukundiuza?"

Mawu anali atafika pa lilime la Mzime. Pabwalo panamveka chifuwa cha Bambo.

"Palibe, Alamu. Ndimangofuna muzipuma."

"Ndiwe mwana wabwino," anatero Alamu. "Tabwera ndikuluke, tsitsi lakoli likuchititsa manyazi."

Mzime anakhala pansi pakati pa miyendo ya Alamu. Mpango wawo unkanunkha utuchi. Misozi inatsika, ndipo Alamu anapepesa poganiza kuti akumukoka tsitsi kwambiri.

5. Pa thanki ya mkaka

Patapita masabata angapo adokotala anaitanitsa msonkhano m'nyumba yosonkhanitsira mkaka. Alimi anakhala pa mabenchi ndi pa zigubu, thanki yoziziritsa ikulira pakona. Mzime anali atabweretsa mkaka wa m'mawa, ndipo anaima kumbuyo. Bambo anakhala kutsogolo atavala jekete. A Chipewa nawonso anabwera, koma anaima pakhomo, poti panalibe amene anawasunthira.

"Ndayenda makola khumi ndi awiri," anayamba adokotala. "Mwa amenewo, asanu ndi anayi ali ndi ng'ombe zimene magazi ake akuonetsa kuti zinakumanapo ndi kachiromboka."

M'nyumbamo aliyense anayamba kuyang'ana mnzake cham'mbali.

"Musayang'anane. Ndikuuzani nonse pamaso, chifukwa manong'onong'o ndi amene atifikitsa pano." Anatchula makolawo limodzilimodzi. Pomaliza anati, "Ndi khola la a Tcheya. Kumeneko pafupifupi theka la ng'ombe zimene ndinabaya."

Bambo anaimirira.

"Sizingatheke. Mwasokoneza mabotolo. Khola langa ndi loyera, aliyense akudziwa."

"Khalani pansi, a Tcheya. Khola lanu ndi loyeradi, ndinaliona. Koma matendawa si a uve, ndipo si a munthu mmodzi. Ali ponseponse pamene pali ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. Fumbi silidziwa mpanda wa munthu. Zimene ndapezazi sizikutanthauza kuti ng'ombe zonsezo zikudwala lero, kapena kuti muziphe. Zikutanthauza kuti kachiromboka kakhala pakati panu nthawi yaitali, mwina a Chipewa asanadziwe n'komwe dzina lake. Ndikuuzeni chowawa. Kusiyana kwa a Chipewa ndi enanu n'kumodzi kokha: iwo anandiitana. Inu munawalanga chifukwa chonena zoona, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe ng'ombe imene inapolozanso m'dera lino. Zodabwitsa, eti? Ng'ombe zinaleka kupoloza, koma milu ya manyowa ikukula. Mwaphunzitsana kubisa, ndipo amene adzalipire si ng'ombe ayi. Ndi akazi anu ndi ana anu amene akupuma fumbi osadziwa."

Pakhomo paja a Chipewa anavula chipewa chawo, zimene ana ambiri anali asanaonepo.

"Pepani a Tcheya," anatero mofatsa, "ndingofunsa. Uve uja tsopano tili nawo tonse, kapena ukadali wanga ndekha?"

Panalibe amene anaseka. Mzime anasiya zigubu pomwepo n'kuthamanga. Ng'ombe anaibisa, bodza ananena, koma magazi a ng'ombe zina zija anali atanena kale zonse. Chimene anapulumutsa panalibe.

Kunyumba anapeza Alamu atagona pa mkeka, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Mano ankagundana.

"Ndi malungo chabe, Mzime," anatero. "Anandiyamba dzana, koma sindinafune kukudetsani nkhawa. Mutu wokhawu ukung'ambika. Ndiponso mwanayu lero sakusewera ngati masiku onse."

Mzime anatuluka akukuwa. Galimoto imene inali pafupi inali imodzi yokha, kapikiapu kakale ka a Chipewa, amene ankabwerera kwawo kuchokera ku msonkhano uja. Iwo sanafunse zambiri. Anatsegula chitseko, nayala bulangete, nadikira mpaka Bambo atafika wefuwefu ndi jekete lawo. Atatero anauyamba ulendo wa kuchipatala.

6. Zoona zochedwa

Kuchipatala anawagoneka Alamu pa bedi la pafupi ndi windo. Namwino anawabaya chala, nadikira, napukusa mutu.

"Malungo mulibe," anatero. Anali mayi wamfupi wa mawu akuthwa. "Mumagwira ntchito yanji, mayi?"

"Palibe yolemetsa," anayankha Alamu movutikira. "Apongozi anga salola. Ndimangosesa koberekera ng'ombe."

Namwino anasiya kulemba.

"Koberekera ng'ombe? Bambo, ndikufunsani ndipo muganize musanayankhe, chifukwa mankhwala amene tipereke adalira yankho lanu. Pali ng'ombe imene yapoloza kwanu posachedwapa?"

Bambo anayang'ana pansi, kenaka pakhomo, pamene a Chipewa anaima atagwira chipewa m'manja.

"Kupoloza kwenikweni ayi," anatero. "Inangoterereka ina, koma..."

"Inapoloza!" Mawuwo anatuluka mokweza mpaka odwala ena anadzutsa mitu. Anali Mzime. "Dona inapoloza m'kachipinda momwemo. Kathole ndi nsengwa tinataya pa manyowa. Pansi sitinatsuke, tinangothira utuchi. Alamu akhala akusesa fumbi lomwelo tsiku ndi tsiku."

"Zinachitika liti?"

"Mwezi watha."

"Mwezi watha," anabwereza namwino. "Ndipo iwe unkadziwa kuopsa kwake?"

"Adokotala a ziweto ananena ine ndili pomwepo."

Namwino anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Wachita bwino kunena. Koma usayembekezere kuti ndikuombera m'manja. Zoona zili ngati mankhwala omwewa, mtsikana iwe, zili ndi nthawi yake. Ukananena tsiku lomwelo, mayiyu akanasiya tsache, ife tikanayamba kumuyang'anira thupi lisanatenthe. Lero tiyesetsa, titumiza magazi, tiyamba mankhwala, koma sindikulonjeza kanthu. Ndaona ana ambiri onga iwe. Amaganiza kuti kumvera ndi kukhala chete n'chimodzimodzi. Mkulu akakuuza kuti ubise chinthu chimene chingaphe munthu, pamenepo ulemu watha, chatsala ndi mantha."

Anatenga kachipangizo komvera mtima wa mwana, nakaika pamimba pa Alamu. Anakasuntha uku ndi uku kwa nthawi yaitali. Pomaliza kunamveka kugunda, kofulumira koma kofooka.

"Alipo," anatero. "Ndikaitane adokotala."

Bambo anatuluka osayang'ana munthu. Podutsa pakhomo, a Chipewa anawapatukira.

Mzime anagwada pambali pa bedi n'kugwira dzanja la Alamu. Linali lotentha ngati chitsulo cha padzuwa.

"Alamu, pepani."

Alamu anatsegula maso pang'onopang'ono.

"Ndiye tsache lija unkabisira zimenezi?"

"Eya."

"Ine n'kumaseka. Ine n'kumakuluka tsitsi." Anapuma movutikira. "Ndinakufunsa, Mzime. Tinali awiri tokha, ndinakufunsa ngati pali chimene sukundiuza. Apongozi anali ndi mpando woti ateteze. Nanga iwe unkateteza chiyani?"

Alamu anachotsa dzanja lawo mwakachetechete, naliika pamimba, natembenukira kukhoma.

Mzime anakhala pa benchi ya panja mpaka dzuwa linapendeka. A Chipewa anamugulira botolo la madzi, koma linangokhala pambali pake losatsegula. Kenaka kunja kwa geti kunaima lole yodzaza fumbi. Achimwene, amene uthenga unawapeza pa msewu, anadumpha injini isanazime bwino, nalowa mu wodi akuthamanga.

Atatuluka sanathamangenso. Anabwera pang'onopang'ono, maso ali psuu, naima patsogolo pa Bambo, amene anali atabwerera n'kukhala kumapeto kwa benchi yomweyo.

"Mkazi wanga akukana kulankhula," anatero. "Namwino akuti kunyumba kunali anthu amene ankadziwa za ng'ombe ija kuyambira mwezi watha. Bambo, ndani?"

Bambo anakweza mutu. Sanayang'ane mwana wawo wamwamuna. Anatembenukira kwa Mzime, namuyang'ana monga anamuyang'anira tsiku lija m'khola, adokotala atafunsa funso lawo.

Mzime anaimirira, natembenukira kwa Achimwene kuti awauze zonse.